Ufa pa Suti ya Achimwene

Ndinadzuka kusanache, ndipo kwa kanthawi sindinadziwe kuti ndagona pati. Ndinali pansi, pabalaza pa nyumba ya achemwali anga ku Dambwa North, mutu nditatsamira chikwama cha mayi wina amene mpaka lero sindimudziwa. Mipando tinali titaitulutsa masiku atatu apitawo, ndiye azimayi tinangogona mothinana pasimenti ngati kapenta woyanika. Kwaya inali itaimba mpaka mawu kusasa, kenako nayo inagonja. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene anakhalapo ku Livingstone mwezi umenewu akudziwa kuti ngakhale m'bandakucha simenti imakhala yofunda.

Ndinalumpha miyendo ya anthu n'kutuluka panja. Azibambo anali atazungulira moto pansi pa tenti, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe womva kuzizira. Ena ankawodzera pamipando ya pulasitiki, pakamwa pali yasa. Mmodzi yekha ndiye anali maso, atakhala chilili pansi pa mtengo wa mango, akuwunika pepala ndi tochi ya foni. Amenewo anali achimwene athu aakulu, amene anabwera kuchokera ku Chipata. Anagwira ntchito ya ukalaliki kukhoti zaka zambiri, ndipo ngakhale anapuma, khotilo silinapume mwa iwo. Pepala limene ankawerengalo linali pulogalamu ya maliro, yotayipidwa bwino, chilichonse chili ndi mphindi zake.

Tinkaika achemwali anga, bamake Thoko, telala wa mayunifolomu a amayi a mvano ndi madiresi a ukwati. Anadwala khansa ya m'mimba, ya mtundu umene mankhwala odziwika amaulephera. Iwo ankaifotokoza mwa njira yawo. Ankati matenda awo ndi mlamba: mankhwala akati agwire, wapulumuka. Atamva kuti madokotala akuchita kafukufuku wa mankhwala a mtundu watsopano, analowa nawo, ndipo izinso anali ndi kafotokozedwe kake. Ankati mankhwala atsopanowo salimbana ndi mlambawo, amachita ngati anthu a khonsolo akapeza kagolosale komangidwa pamsewu: amangolembapo chizindikiro chofiira, ogumula amabwera okha. Ogumulawo ndi thupi lomwe. Makasitomala ankabwera kudzayeza diresi, n'kubwerera ataphunzira za khansa mosafuna.

Kafukufuku wotere amayendera chithandizo cha mabungwe, ndipo chimaperekedwa kwa nthawi yoikika. Gawo loyamba litatha, madokotala analemba kupempha cha gawo lachiwiri, ife n'kumadikira. Tinadikira miyezi yambiri. M'miyezi imeneyo matenda anabwereranso, ndipo achemwali anatha thupi tikuona. Achimwene anawaona atafika pamenepo, ndipo zimene anaonazo zinawakwanira. Kwa iwo nkhani inali yachidule: mlongo wawo anthu anamuyeserapo mankhwala ngati mbewa, ndipo mankhwalawo anamupha.

Zikanakhala za omwalira okha, bwenzi titangowasiya achimwene ndi maganizo awo. Koma Thoko, mwana yekhayo wa achemwali, mphunzitsi wa ana aang'ono, anali atapezeka ndi matenda omwewo akungoyamba kumene. Madokotala anali atamuitana ku Lusaka Lolemba kuti akamupime ngati angalowe m'gawo lachiwirilo. Maliro anali Loweruka. Dzulo lake, pamsonkhano wa banja, achimwene anali atagamula ngati mwini mbumba kuti Thoko apita nawo ku Chipata akapume, ndipo za ku Lusaka aiwale. Anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, iwo saperekanso mwana wachiwiri. Thoko anadzuka n'kutuluka. Atandipeza kuseri kwa nyumba anandiuza kuti sakudziwanso womukhulupirira, poti nayenso anawaona amayi ake masiku otsiriza. Ine mantha anga onse tsiku limenelo anali pa basi imene mwanayu akwere.

Panalinso china. Achemwali anasiya mawu akuti pamanda padzayankhule namwino wa kafukufukuyo, ba Chileshe, amene anayenda nawo zaka zonsezi. Achimwene anachotsa dzina lawo papulogalamu ndi bolopeni yofiira, ndipo anandituma ine kuti ndikawauze. Ine ndi munthu wa pakamwa kumsika, koma pamaso pa achimwene ndimasanduka mwana wa sukulu. Ndinangoti chabwino.

Ba Chileshe ndinawapeza kumoto wophikira, kuseri kwa nyumba ya aneba, kukungoyera. Sindinawazindikire msanga. Ndinazolowera kuwaona atavala zoyera, koma apa anali atamanga chitenje mpaka m'chifuwa, duku lili phee, akusonkhezera dramu la nyemba. Anali pakati pa azimayi a chiBemba amene anatenga udindo wophika. Kwa amene sakudziwa za kuno: ife akum'mawa ndi aBemba ndife a chimbuya. Maliro akagwa kwa ife, iwo ndiwo amagwira ntchito, ndipo amaloledwa kutinyoza, kutilanda nsapato, kutipaka ufa, chilichonse chimene afuna. Wokwiya ndiye amachita manyazi. Akagwa kwa iwo, timabwezera mosasiya kangachepe. Ndinawauza uthengawo maso ali pansi, ndikupepesa kawirikawiri. Iwo anandiyang'ana, anaseka pang'ono, n'kuti, “Osavutika, ba sisi. Niuzeni chabe, unga muika kuti?” Ndinawalozera thumba la ufa, ndikuganiza kuti ndi za chakudya.

Dzuwa linatuluka laukali ngati lili ndi mlandu ndi ife. Pofika seveni koloko msewu wathu unali utadzaza. Kunabwera lole ya azimayi a ku Simonga, amene achemwali ankawasokera mayunifolomu a kwaya, atakhala pamwamba pa nkhuni zimene anatibweretsera, akuimba m'Chitonga kuyambira kukona. Kunabwera amayi a mvano, oyera mbee, aliyense akuonetsa mnzake msoko wa malemu pakolala. Kunabwera galimoto ziwiri zonyezimira za ku Highlands, eni ake n'kuvutika kupeza poimika pakati pa njinga ndi mawilibala. Mayi wina wachiLozi anabwera atavala diresi la ukwati wa mwana wake, lobiriwira ngati chule, nati malemu anamuuza kuti akadzavala zakuda pamaliro awo adzadzuka n'kumuvula. Zimenezo zinali zoona. Achemwali anauza aliyense kuti safuna maliro a nkhope zakugwa, ndipo anthu anamvera koposa mmene ndinkayembekezera.

Achimwene okha ndiwo sanamvere. Anatuluka atavala suti yakuda ya mabatani atatu, tayi yakuda, nsapato zowala moti ukanatha kudzionerapo. Thukuta linkatsika m'makutu, koma batani ngakhale limodzi silinamasulidwe. Azimayi a chiBemba atawaona anaimba nthungululu, wina n'kufunsa mokweza ngati mbewa za ku Chipata masiku ano amazikumba atavala tayi. Achimwene anamwetulira pang'ono, mwaulemu, n'kuyang'ana wotchi.

Tinakatenga thupi kuchipatala, n'kupita nalo kutchalitchi. Kumeneko pulogalamu inayenda ndendende mmene inalembedwera, ndipo ndinaona achimwene akuchonga papepala chinthu chilichonse chikatha. Mbiri ya malemu anawerenga okha. Anatchula sukulu, ukwati, umasiye, makina osokera oyamba. Atafika pa matenda anangoti malemu anadwala nthawi yaitali, ndipo anakumana ndi zambiri m'manja mwa anthu. Anaima pamenepo kanthawi kuti mawuwo alowe. Thoko anali pafupi nane, ndipo anandigwira dzanja. Poona nkhope ndinalira kwambiri, sindibisa. Anali atawaveka bulauzi imene anasoka okha, ndipo ndinazindikira kuti mabatani ake ndinawagula ndine.

Ulendo wa kumanda unali wautali kuposa mtunda wake. Galimoto ya maliro inali patsogolo, kenako mabasi awiri, malole atatu, ndi ena onse pambuyo, magetsi ali oyaka masana. Kwaya za m'malole zinkapikisana, ya Chinyanja kutsogolo, ya Chitonga pakati, ya chiLozi kumbuyo, nyimbo zitatu nthawi imodzi. Ogulitsa m'mbali mwa msewu ankaimirira, oyendetsa matakisi ankapatuka. Azungu ena odzaona mathithi, ali m'galimoto yopanda denga, anatikwezera manja akumwetulira, ndipo ndikukhulupirira ankaganiza kuti ndi ukwati. Fumbi linatiphimba tonse, moti pofika kumanda amayi a mvano sanalinso oyera.

Kumanda kulibe mthunzi wokwanira anthu khumi. Maambulera anatseguka, mabotolo a madzi ankayenda m'manja. Abusa, munthu wachiTonga wodziwa kuwerenga nkhope za anthu, anafupikitsa ulaliki. Bokosi linatsitsidwa, tinaponya dothi, ndipo anyamata okwirira anatembenuka kuti atenge mafosholo. Mafosholo panalibe.

Anali pamulu wa dothi, onse asanu ndi limodzi, ndipo pamwamba pake panakhala azimayi a chiBemba, miyendo atatambasula ngati ali pakhonde pawo. Pakati pawo panali ba Chileshe ndi beseni la ufa. Tisanadziwe chimene chikuchitika, ena anali atalowa kale pakati pathu. Ine anandipaka kumaso konse. Thoko anamuthira m'mutu. Msuweni wathu wina anathawa n'kugwera m'maluwa a manda a eni. Kenako ba Chileshe anadzuka ndi beseni, anayenda mosafulumira mpaka pamene panaima achimwene, anagwada mwaulemu wonse, n'kudzuka, n'kuwakhuthulira ufa wonse wotsala kuyambira pamutu. Suti ija inayera mpaka m'matumba. Anthu anaseka moti abusa anabisa nkhope m'Baibulo.

Achimwene mwambo amaudziwa. Anapukuta magalasi okha, n'kutulutsa chikwama kuti awombole mafosholo, poti nthawi zambiri a chimbuya ukawapatsa kangachepe amadzuka. Ba Chileshe anakana ndi mutu, n'kubwerera kukakhala pamafosholo. Anati iwo safuna ndalama ya munthu wodya mbewa, akufuna mphindi zisanu zoyankhula, apo ayi tonse tigona pomwepo. Achimwene anayang'ana papulogalamu, kenako kwa abusa. Abusa anatambasula manja, nati za chimbuya cha aBemba ndi akum'mawa iwo alibe nazo mawu, tchalitchi chawo chinathera pa Amen. Apa m'pamene ndinamvetsa funso la ufa lija. Kukana kunali kosatheka, kukwiya kunali kosatheka. Achimwene anayang'ana wotchi n'kuti, “Zisanu.”

Ba Chileshe anayamba ndi chipongwe, monga mwa mwambo. “Namvela ati tinabayeselapo monga mbeba,” anatero. “Manje imwe ba kum'mawa, mbeba zonse munasiliza kudya, tizazipeza kuti?” Anthu anagwa nacho chiseko, ndipo ngakhale phewa la achimwene linagwedezeka, ufa n'kuthothoka. Atatero anatsitsa mawu, ndipo tonse tinatchera khutu.

Anafotokoza kuti achemwali sanakokedwe ndi munthu. Anabwera okha, anafunsa mafunso masiku atatu mpaka dokotala wina anayamba kuwabisalira, ndipo anasaina akudziwa kuti atha kusiya tsiku lililonse. Anati pamene ankalowa, madokotala sankayembekezera kuti aona mvula ya chaka chimenecho, koma anaona mvula zitatu, anasoka madiresi a maukwati amene ena mwa ife tinavina. Sananene kuti ndi mankhwala anachita zimenezo. Anati mwina ndi mankhwala, mwina ndi Mulungu, mwina ndi makani a akum'mawa, ndipo kafukufuku alipo chifukwa choti sakudziwa. Anatinso ena amene analowa limodzi ndi achemwali anamwalira msanga, ndipo sangabise. Chimene anakana ndi chimodzi: pamene matenda ankabwerera, achemwali anali atatha miyezi yambiri osamwa mankhwalawo, chifukwa gawo loyamba linali litatha ndipo chithandizo cha lachiwiri chinali chisanabwere.

Kenako ananena chimene ambiri sankachidziwa. Lachisanu lomaliza la moyo wa achemwali, uthenga unafika woti opereka chithandizo avomera, gawo lachiwiri liyamba. Ba Chileshe anathamanga nawo kuwodi osavala ndi nsapato bwino. Achemwali, ali ndi chipaipi cha mpweya m'mphuno, anaimba nthungululu mpaka odwala anzawo anadzidzimuka. Ankadziwa kuti kwa iwo uthengawo wachedwa. Anagwira ba Chileshe dzanja n'kuwauza kuti akanene zimenezi pamanda, osati kunyumba, chifukwa kunyumba achimwene awo atha kudzuka n'kuchoka, koma pamanda palibe amene amachoka dothi lisanakwiriridwe.

Ndinaseka ndikulira, poti amenewo analidi mawu a achemwali anga. Ba Chileshe sanaitane munthu, koma anthu anayi anatuluka okha m'gulu n'kudzaima pafupi ndi dzenje: bambo wina wa ku Simonga wa chipewa chaudzu, mayi wa imodzi mwa galimoto za ku Highlands zija, ndi azimayi awiri amene ndinkawaona pamzere kuchipatala. Anali anzawo a m'kafukufuku. Anangoima padzuwa kuti tiwaone.

Mphindi zisanu zinali zitapitirira kalekale, koma achimwene sanayang'anenso wotchi. Anafunsa funso limodzi, ndi mawu awo a kukhoti aja: “Mayi, mukundilonjeza kuti mwanayu akachira?”

“Awe, ba mbuya,” anayankha ba Chileshe. “Siningalonjeze. Olo kumutenga siningalonjeze, bazayamba bamupima. Chamene nilonjeza ni chakuti sitizamunama.”

Thoko anasiya dzanja langa, anapita kukagwada patsogolo pa achimwene, mutu uli mbuu ndi ufa, n'kunena motsitsa koma momveka kuti, “Amalume, Lolemba ndikufuna ndikapezeke ku Lusaka.” Iwo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa azimayi a pamulu paja n'kupempha mwaulemu kuti mafosholo abwezedwe, mlongo wawo wapsa ndi dzuwa mokwanira.

Anakwirira kwaya zitatu zija zikuimba nyimbo imodzi tsopano. Poika nkhata za maluwa, woitana mayina anaitana ana, abale, a mpingo, ndipo atafika kumapeto kwa pepala achimwene anamunong'oneza kanthu. Anaitana anzawo a malemu a kuchipatala. Anayi aja anaika nkhata imodzi pamodzi ndi ba Chileshe. Ndinaona zimenezo n'kuyamba kuyembekezera, koma achimwene ndimawadziwa: ulemu kwa alendo ndi china, kusintha chigamulo ndi china.

Kunyumba tinasamba m'manja pageti, m'beseni limene anatiikira, ndipo anthu anadya m'magulumagulu pansi pa mthunzi uliwonse umene unapezeka. A chimbuya anapitiriza zawo. Anagulitsa nsapato ya msuweni wathu kwa mwini wake yemwe, ndipo anauza aliyense kuti nyemba zapsa bwino chifukwa sanalole wakum'mawa kuyandikira dramu. Nkhani inali imodzi pabwalo lonse, ya suti, ndipo pofika madzulo inali itakula moti ena ankati linali thumba lathunthu. Dzuwa litapendeka malole anayamba kunyamuka. A ku Simonga anapita akuimba monga anabwerera. Ba Chileshe anatsuka dramu lawo, anandikumbatira, n'kupita kukagwira ntchito ya usiku. Achimwene tsiku lonselo sananene liwu limodzi za Thoko.

Tenti inatsitsidwa, mipando inabwerera m'nyumba, ndipo pabalaza panaoneka pakakulu modabwitsa. Tinatsala anthu ochepa. Ndinasesa mapepala a pulogalamu amene anali mbwee pabwalo, n'kuthira madzi paphulusa. Thoko anali kukhitchini akutsuka makapu amene anali otsuka kale. Achimwene anakhala pakhonde, jekete atavula tsopano, akuyang'ana msewu.

Anandituma kuti ndimuitane. Thoko anabwera n'kukhala pansi pafupi ndi mpando wawo, ine n'kuima pakhomo ngati ndili ndi chochita pamenepo. Achimwene anayamba ndi nkhani ya kukhoti, ndipo ndinati tafa, tigona pano. Koma inali yaifupi. Anati pa zaka zonse zimene anakhala akulemba milandu, mboni zabodza zinkadziwa chilichonse, ndipo mboni imene inkati “sindikudziwa” kawirikawiri inkanena zoona. Anati mantha awo sanathe, ndipo sakuganiza kuti atha. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

“Basi ya ku Chipata siidumpha Lusaka,” anatero. “Mawa m'mawa ukagule mipando iwiri. Ndikakuperekeza mpaka pakhomo la dokotala, ndipo ndikakhala panja mpaka utuluke.”

Thoko anaika mutu pabondo pawo n'kulira, kulira kumene sanalire kutchalitchi ngakhale kumanda. Achimwene anamusisita m'mutu mosazolowera, akuyang'anabe kumsewu.

Ndinatembenuka n'kuthamanga m'kanjira ka m'nyumba kuti ndikawauze achemwali, monga ndinkachitira ndi nkhani iliyonse yabwino kuyambira ndili mwana. Ndinakumbuka dzanja lili kale pachitseko cha chipinda chawo. Ndinaima pamenepo kanthawi, m'nyumba muli zii. Kenako ndinatsegula, ndinakhala pabedi pawo, ndipo ndinawauza zonse.